Tinyama toyenda ndi nyali: masiku 6 kugombe la Toyama

Lachinayi, 24 Epulo, Namerikawa

Ndafika. Sitima yothamanga ya Hokuriku Shinkansen yandinyamula ku Tokyo masana ano n'kudzanditula ku Toyama patangodutsa maola awiri ndi mphindi zochepa. Kuchoka apo kasitima koima paliponse kandifikitsa kuno ku Namerikawa. Mbali imodzi ya njanji kuli minda ya mpunga imene ayamba kumene kuithira madzi, ndipo kuseri kwake kwaima mapiri a Tateyama, oyera mbee ndi chipale chofewa. Nsonga yake yaitali kwambiri ndi mamita 3,015, kuposa Sapitwa wathu ndi mamita 13 okha. Mbali inayo kuli nyanja, ndipo ndiyo ndadzera.

Ine ndine mwana wa siginala, msodzi woyatsa nyali zoitanira usipa. Bambo anga anayamba kukwera bwato la nyali ku Senga Bay ine ndisanabadwe, ndipo ndinakula ndikudziwa kuti mwezi ukakhala kumdima m'nyumba mumalowa ndalama, ukawala bambo amagona pakhomo. Usiku ndinkaima pamchenga n'kumawerenga nyali zitandandalika panyanja ngati mzinda. Nchifukwa chake mnzanga wa m'kalasi atandiuza chaka chatha kuti kwawo kuli kanyama ka m'nyanja koyenda ndi nyali zakezake, ndinangomufunsa kuti kamabwera liti. Anati kuyambira Malichi mpaka Juni, koma ukafuna kukaona bwino ubwere mwezi uli kumdima. Ndinamva ngati akulankhula ndi bambo anga.

Kuno amakatcha hotaru-ika. Hotaru ndi chiphaniphani, ika ndi skwidi. Kwathu tilibe dzina lake chifukwa mtundu wonse wa zamoyozi umakhala m'madzi amchere okha, m'nyanja yathu mulibe. Abale a ku Joni ndi ku Cape Town mukudziwa kalamari wokazinga uja. Ameneyo ndiye skwidi. Tsono ganizani wotero koma wochepa ngati chala chamkombaphala, thupi losapitirira masentimita 7 kapena 8, maso aakulu, mikono khumi kumutu.

Tikugona kwa agogo ake aakazi a mnzangayu, ndipo kanyamaka ndayamba kukaona m'mbale ndisanakaone kamoyo. Agogo awiritsa tambiri m'madzi amchere mpaka tatupa, tasanduka tofiirira tonyezimira. Akhala pansi n'kumachotsa maso ndi kamlomo kolimba kamodzikamodzi, kenaka athira msuzi wachikasu wa miso (soya wopera wosasitsa) ndi viniga umene amautcha sumiso. Kunja n'kofewa, m'kati muli mafuta okoma ngati chiwindi, ndipo kumapeto kwake kuli kakuwawa pang'ono kamene munthu wokula ndi usipa wofutsa sangakadabwe. Ndadya ndi mpunga mbale ziwiri. Agogo anandiyang'ana nthawi yonseyo, ndipo nditamaliza anauza mdzukulu wawo kuti mlendoyu ndi wa kunyanja ndithu.

Lachisanu, 25 Epulo

Hotaruika Museum ili pagombe penipeni. Inatsegulidwa mu 1998, ndipo nyumba yonseyo ndi ya kanyama kamodzi. Tiskwidi timeneti sitikhalitsa m'thanki, choncho nyengo ino amatenga tamoyo kwa asodzi.

Anatilowetsa m'chipinda n'kuzimitsa magetsi, mdima wandiweyani. Wotiperekeza anagwedeza ukonde umene unali m'madzi. Pomwepo madzi anathwanima buluu, timadontho towala kwambiri tikuthamangira uku ndi uku, n'kuzima. Ana anakuwa. Ine ndinangoti chete, chifukwa maso atazolowera ndinayamba kuona kuwala kwina kofooka, ngati fumbi la nyenyezi pathupi la kanyama kalikonse. Kuwala kofookako ndiko kwandigwira mtima tsiku lonse.

Nyali zake zili za mitundu itatu. Kunsonga kwa mikono iwiri ya mmunsi kuli tinyali titatu pamkono uliwonse, ndipo timeneti ndi tija tothwanima kwambiri kanyama kakadzidzimuka, kuti mdani achite chidima iko n'kuthawa. Kunsi kwa diso lililonse kuli tinyali tisanu. Kenaka pakhungu pali mazanamazana a timadontho ting'onoting'ono, ndipo tambiri tili kumimba, toyang'ana pansi.

Chifukwa chiyani kumimba? Amene munamirapo pansi pa bwato masana mukudziwa zimene mumaona mukayang'ana kumwamba: madzi owala, ndi bwato lili bii pakati pake. Masana hotaru-ika amakhala pansi, mamita 200 mpaka 400. Kumeneko kuwala kwa dzuwa kumafika kotsalira chabe, kwa buluu, komabe n'kokwanira kuti nsomba yolusa imene ili mmunsi ikayang'ana mmwamba ione chithunzithunzi cha chilichonse chodutsa. Tsono kanyamaka kamayatsa mimba yake mofanana ndi kuwala kochokera kumwambako, chithunzithunzi n'kufufutika. Ndinakhala pabenchi nthawi yaitali ndikuganiza zimenezi. Bambo amayatsa nyali kuti usipa uione, ubwere. Aka kamayatsa nyali kuti kasaoneke. Moyo wanga wonse ndimadziwa nyali ngati chinthu choitanira, sindinaganizepo kuti munthu angabisale m'kuwala.

Kuwalako sikutentha. Kamakupanga kokha m'thupi mwake: muli chinthu chotchedwa luciferin, cha mtundu wa coelenterazine disulfate, chimene chimakumana ndi okosijeni mothandizidwa ndi puloteni yotchedwa luciferase ndi ATP, ija imene maselo athu omwe amagwiritsa ntchito ngati mafuta. Si skwidi aliyense wowala amene amatero. Kali kena ka ku Hawaii, Euprymna scolopes, kamene kamaweta mabakiteriya owala m'thupi mwake n'kumawadyetsa, iwo n'kumakaunikira. Hotaru-ika sabwereka moto kwa mnansi.

Maso akenso ndi apadera. Askwidi ambiri ali ndi mtundu umodzi wokha wa chinthu chogwira kuwala m'diso, koma aka kali ndi itatu, yosiyana pang'onopang'ono pakati pa buluu ndi girini. Akatswiri amaona kuti zimenezi zingakathandize kusiyanitsa kuwala kwa anzake ndi kuwala kwa dzuwa kotsikira pansi.

Tsopano za mtundu wake, popeza ndi phunziro langa ndipo ndimalikonda. Skwidi si nsomba. Ndi wachibale wa nkhono, inde nkhono yomweyi ya m'munda nthawi ya dzinja. Chigoba chake chinatsalira kakang'ono, koonda ngati nthenga, m'kati mwa msana. Gulu lake ndi Cephalopoda, kutanthauza za miyendo kumutu. Mwa askwidi muli mbali ziwiri zikuluzikulu. Ena, a Myopsida, ali ndi kakhungu kophimba diso ndipo amakhala kufupi ndi magombe. Chokka wa ku Eastern Cape ali mmenemu. Ena, a Oegopsida, diso lawo lili poyera, lokhudzana ndi madzi, ndipo ndi a pakati pa nyanja. Hotaru-ika ali mbali yachiwiriyi, m'banja la Enoploteuthidae. Dzinalo likuchokera ku Chigiriki, skwidi wa zida, chifukwa pamikono yawo pali tingowe takuthwa togwirira nyama. M'banjamo muli mafuko anayi, ngati mmene tilili ndi ziwongo: Abralia, Abraliopsis, Enoploteuthis ndi Watasenia. Atatu oyambawo ali ndi mitundu yambiri, koma Watasenia ndi mwana mmodzi m'nyumba, Watasenia scintillans basi.

Dzina limeneli lili ndi anthu atatu kumbuyo kwake. Watase Shozaburo, katswiri amene ankafufuza ziphaniphani, ndiye anakapatsa dzina loti hotaru-ika mu 1905. S. Stillman Berry wa ku America anakalemba m'mabuku a sayansi mu 1911 n'kukaika m'fuko la Abraliopsis, ndi dzina loti scintillans, la Chilatini, kutanthauza kothwanima. Mu 1914 Ishikawa Chiyomatsu anakapatsa fuko lakelake n'kulitcha Watasenia polemekeza Watase. Koma asodzi anali atakadziwa kalekale. Agogo akuti akale ankakatcha matsu-ika, skwidi wa mitengo ya paini, chifukwa kankachuluka mpaka kumathira kumitengoyo ngati manyowa.

Potuluka pali kadziwe kogwiramo tamoyo. Madzi ake ndi ozizira zedi; Namerikawa imapopa madzi kuchokera pansi pa nyanja, mamita 333. Ndinapisamo dzanja, kamodzi kanandigunda m'chikhatho n'kundithira madzi kumkono wa malaya. Mawa 2 koloko usiku tidzuke, tikakwere boti.

Loweruka, 26 Epulo

Boti silinapite. Tinafika padoko titavala zamphepo, koma kunja kunali mafunde ndipo ulendo unaimitsidwa. Ena anadandaula, makamaka ochokera kutali. Mwana wa msodzi satsutsana ndi nyanja. Kwathu mwera ukauka, bwato limakhala pamchenga ngakhale m'nyumba mulibe ndiwo. Atilembetsanso mawa.

Masana tapita ku Uozu, tauni yoyandikana. Uozu Aquarium inayamba mu 1913, ndipo ndiyo yakale kwambiri mwa nyumba zoonetsera nsomba zimene zikugwirabe ntchito m'Japan muno. Tauniyi imadziwikanso ndi shinkiro, zithunzi zonyenga maso zimene zimaoneka pamwamba pa nyanja masiku ofunda, koma lero kunali mphepo, sitinaone.

Chimene ndapindula lero ndi mapu a pansi pa nyanja. Toyama Bay ndi chidzenje. Ukachoka pagombe pang'ono chabe pansi pamagwa phompho, ndipo pakati pake n'pozama kupitirira mamita 1,000. Nyanja yathu pozama kwambiri ndi mamita ngati 700. Kuphomphoko kuli zigwa zimene zimafika pafupi ndi mchenga, anthu a kuno amazitcha aigame, mtsuko wa utoto wa buluu, chifukwa madzi ake ndi oderako. Ndicho chifukwa chake kanyama ka pansi pa nyanja kamafika pamene munthu angakatape ndi ndowa. M'madera ena ambiri kamakhala kutali ndi maso a anthu.

Ndinkayesa kamapezeka kuno kokha, koma ayi. Kali m'Sea of Japan monse, mbali ya Korea, kumpoto mpaka ku Sea of Okhotsk, ndi kugombe la Japan loyang'ana Pacific. Ngakhale pausodzi, zaka zambiri chigawo cha Hyogo ndicho chimatulutsa wochuluka. Maboti a kumadoko ngati Hamasaka amakoka makoka pansi panyanja, kutali ndi gombe. Achibale ake ndiwo anamwazikana dziko lonse m'nyanja zofunda: Abralia veranyi ku Mediterranean ndi ku Atlantic, Abralia trigonura kuzilumba za Hawaii. M'madzi a Japan mulinso Enoploteuthis chunii, amene amamutcha hotaruika-modoki, wonamizira hotaru-ika, ndipo m'Chijapani banja lonse limadziwika ndi dzina la wonamizirayo.

China chimene chandikhudza ndi lamulo lawo. Kuchokera pamathiriro a mtsinje wa Joganji mpaka kudoko la Uozu, makilomita pafupifupi 15, nyanja ya m'mbali mwa gombe inaikidwa mu 1952 kukhala chuma chapadera cha chilengedwe cha dziko. Chotetezedwa si kanyamako, ndi malo amene kamasonkhana. Asodzi akupha, anthu akudya, koma malowo ali m'manja mwa lamulo. Ndinaganiza za magombe athu amene akutha ndi mipanda ya njerwa.

Lamulungu, 27 Epulo

Lero zatheka, ndipo ndikulemba maso akulemera ndi tulo koma sindingagone ndisanalembe.

Tinanyamuka cha m'ma 3 koloko, aliyense atavala jekete yoyandamitsa. Nyanja inali bata, kumwamba kopanda mwezi, kuzizira kolowa m'mafupa. Ndinawerengera m'mutu: kuno tili patsogolo ndi maola 7, ndiye kuti kwathu inali 8 koloko madzulo, nthawi imene mabwato amakhala atalowa m'madzi ndipo nyali zayaka. Ine ndi bambo tinali panyanja nthawi imodzi.

Sitinapite kutali. Magetsi a tauni ankaoneka bwinobwino pamene tinapeza maboti a asodzi ataima moyang'anizana, ukonde uli pakati. Usodzi wa kuno si wa chilimira. Iwo sathamangitsa, ndipo saitana ndi nyali. Ukonde wawo, teichi-ami, umakhala pamalo amodzi nyengo yonse, womangidwa ndi anangula. Ndi mono wamkulu basi: pali mpanda wautali wa ukonde wotchinga njira, tinyama tikagunda mpandawo timautsata mpaka kulowa m'thumba. Timakwera usiku kudzaikira mazira kufupi ndi gombe, ndipo pobwerera kuphompho mbandakucha ndi pamene timakodwa. Asodzi a Namerikawa mpanda umenewu amaulukabe ndi zingwe za mapesi a mpunga, za m'minda ija ndinaiona pasitima.

Amuna anayamba kukoka, dzanja ndi dzanja, ataima mzere m'mbali mwa boti, mmodzi akuitana ena akuvomera. Amenewa ndi alovi ndithu, msana wopindika womwewo, ngakhale ali ndi makina owathandiza. Thumba linkachepa pang'onopang'ono. Mbalame zoyera za kunyanja zinazungulira zikulira. Kenaka wina anafuula, magetsi onse a m'maboti anazima nthawi imodzi.

Abale anga, madzi anayaka. Si kuthwanima kwa apa ndi apo kwa m'thanki kuja. Thumba lonse linali moto wa buluu wowira, ndipo zingwe za ukonde zinkaoneka bii pamwamba pa kuwalako. Msodzi anapisa kaukonde kotapira, tamo, n'kukanyamula kodzaza, kuwala kukuchucha ngati akutapa makala. Nkhope zawo zinaoneka za buluu. Atataya dala totsala m'mwamba, tinagwera m'madzi ngati nthethe za moto. M'boti mwathu munali anthu ambiri, koma munamveka kupuma kokha. Ndinali nditatulutsa foni, ndinaibweza m'thumba. Misozi inatuluka ndipo sindinaipukute.

Magetsi atayakanso zonse zinasanduka ntchito wamba: timatupi tofiirira m'madengu, madzi oundana, kufulumira. Kuwala kuja kunalipobe, koma magetsi anakumiza. Ndi mmenenso mwezi umamizira nyali za bambo.

Pobwerera kunayamba kucha, dzuwa likutulukira kuseri kwa Tateyama. Padoko madengu anatsitsidwa, ogula atadikirira kale. Chifukwa ukonde uli pafupi chonchi, tiskwidi timafika kumtunda tisanaphwanyike, ndipo ambiri amapita nato msanga kowiritsa. Ntchito yake ndi yomwe amachita amayi athu pofutsa usipa: madzi owira amchere, kuviika, kutsanula, kuyanika kuti tizizire. Ndinaima pomwepo ndikununkhiza nthunzi ija, ndinali ngati ndili pathandala ku Senga Bay.

Nyengo imatsegulidwa pa 1 Malichi. Zaka sizifanana ngakhale pang'ono. Mu 2023 chigawo chonse cha Toyama chinapha matani osafika 500, koma mu 2024 anapitirira matani 4,000. Kanyama kokhala chaka chimodzi chokha kamatero: mbewu ya chaka chino ikayenda bwino m'madzi, chaka chamawa n'chodzaza, ikalephera, palibe akuluakulu otsalira oti akwirire. Asodzi a usipa sangafune kuwafotokozera zimenezi.

Masana agogo anatipatsa okizuke, tonyikidwa mu soya sosi, ndi mbale ina ya timikono tokhatokha tatiwisi, imene amaitcha ryugu somen. Anandichenjeza mwamphamvu kudzera mwa mdzukulu wawo: usadye kaskwidi kakawisi ndi matumbo ake. M'matumbomo mumatha kukhala tinyongolotsi timene timavulaza munthu m'mimba ndi pakhungu. Kuwiritsa kumatipha, kapena kuumitsa pa madigiri 30 kunsi kwa ziro kwa masiku anayi. Okizuke wawo anali atadutsa m'chisanu chotero.

Madzulo ndaimbira bambo pa WhatsApp, iwo atangodzuka kumene.

"Ndiye ukuti nyali zili m'thupi mwenimweni?"

"Eya bambo, kumikono, kumaso ndi kumimba."

"Nanga asodziwo akuyatsa chiyani?"

"Sayatsa kuti aitane. Amangotchera n'kudikira."

Anakhala chete pang'ono, kenaka anati: "Mwana wanga, amenewo nyanja yawo inawakonda. Ife batire likatha, usiku watha."

Lolemba, 28 Epulo, Iwasehama

Mwezi wafa lero. Usiku wapitawu mnzanga anabwereka galimoto ya agogo, tinapita kugombe la Iwasehama, mumzinda wa Toyama, kukadikira chimene amachitcha minage. Usiku wopanda mwezi, nyanja ikakhala bata ndipo kamphepo kakuchokera kumwera, tiskwidi timafika mpaka pamchenga. Anthu a kuno amati mdimawo ndiwo umatisokoneza njira yobwerera kozama.

Tinapeza anthu ambiri, mabanja athunthu, atavala magambutsi ofika pachifuwa, tochi pamutu, tamo m'manja, ndowa yomangirira m'chiuno. Ankayenda m'madzi mwakachetechete atawerama. Mpaka pakati pa usiku kunalibe kanthu. Ena anabwerera kumagalimoto. Kudikira kotere ndimakudziwa, ndipo sikunditopetsa.

Cha m'ma 2 koloko mwana wina anakuwa, matochi onse n'kutembenukira kumeneko. Sikunali kodzaza ngati pazithunzi zimene zimayenda pa intaneti, zoonetsa gombe lonse lili buluu. Usiku wotero ndi wa apo ndi apo, ndipo anthu ena amadikira zaka. Ife tinaona tamodzitamodzi, kenaka timagulu. Ndinachoka pagulu la anthu, ndinazimitsa tochi, ndinaima pamene mafunde amathera. Funde likabwera linkasiya kadontho ka buluu pamchenga. Kankawala mwamphamvu, kenaka pang'ono, kenaka kuzima. Funde lina, kadontho kena.

Ndinatola kamodzi. Kanandigwira chala ndi tingowe take, nsonga za mikono zikuwala mpaka ndinaona mizere ya m'chikhatho changa. Khungu lake linkasintha, kufiira, kuyera, kufiiranso. Ndinakabwezera m'madzi. Funde lotsatira linakabweretsanso pamapazi anga.

Pafupifupi tonse timene timafika kugombe kuno ndi tatikazi. Tatimuna timakumana nato m'nyengo yozizira, cha mu Febuluwale, kutali kozama, n'kusiya timatumba ta mbewu pakhosi pa kakakazi, ndipo posakhalitsa timafa. Kakakazi kamasunga mbewuyo masabata ambiri mpaka mazira atakhwima. Kenaka kamakwera usiku, kamatulutsa timazira masauzande tolumikizana ngati mkanda, n'kutisiya m'madzi. Patapita masabata ngati awiri timaswa, tiana timatengedwa ndi madzi, timakula tikudya tinkhanu tosaoneka bwino ndi maso, masana pansi, usiku mmwamba, monga zimachitira mphutsi za nkhungu m'nyanja yathu. Chaka chikazungulira nato timabwera kudzaikira. Mayi saona ana ake.

Liwu loti minage limatanthauza kudziponya m'madzi pofuna kudzipha. Ndamuuza mnzanga kuti liwu limenelo silikundikhala bwino. Chimene ndinaona pamchenga si kanyama kotopa ndi moyo. Ndi mayi amene wanyamula mazira kuchokera mamita mazanamazana pansi, wayenda usiku pakati pa nsomba zolusa ndi maukonde, ndipo mphamvu zamuthera pagombe. Nyali imene anakhala akubisala nayo chaka chonse ndi imene ife timabwera kudzaiombera m'manja pamene yalephera kumubisa. Mnzanga anati agogo ake amanenanso chimodzimodzi, ndipo nchifukwa chake iwo anasiya kubwera kugombe usiku. Amagula kwa asodzi.

Sindikuweruza otapawo. Inenso ndadya, ndipo ndidyanso. Ana anali osangalala, ndipo bambo wina wachikulire anandionetsa ndowa yake n'kundiuza ndi manja kuti nditengeko. Anandiphunzitsanso kuti totola pamchenga amatisiya chifukwa timakhala ndi mchenga m'kati. Amatapa tosambira tokha. Tinatenga tokwanira m'mawa umodzi. Tinachoka kukuyera, mchenga uli ndi timatupi tambirimbiri, akhwangwala atayamba kale kutsika.

Lachiwiri, 29 Epulo

Lero ndi tchuthi kuno ndipo sitima zadzaza. Ndisananyamuke ndapita kukagula touma, suboshi, tophwatalala ngati masamba a fodya. Agogo andionetsa kadyedwe kake: kugwira kumchira, kuwambitsa pamoto pang'ono mpaka mafuta a m'kati atayamba kulira, basi.

Bambo anatumiza mawu usiku. Akuti dzulo anapha usipa wokwanira, mwera sunavute, ndipo anauza alovi awo nkhani ya kanyama koyatsa mimba. Theka anakhulupirira, theka ayi. Akuti ndidzabwere nato touma kuti adzaone okha pamene pamakhala nyalizo, adzawambe pambaula ayerekeze ndi usipa.

Tinyali ta kumikono timaonekabe ngakhale kanyama katauma, timadontho titatu takuda kunsonga. Ndagula mapaketi atatu. Agogo atamva za alovi aja analowa m'nyumba n'kutuluka ndi paketi lachinayi, analiika okha m'chikwama changa, n'kukoka zipi.